Kodi pali tsogolo pa ntchito yofufuza nyongolotsi za m'nsomba?

Funso: Ndikumaliza digiri yoyamba ya sayansi ya zamoyo. Tsiku lina m'labotale tinang'amba nsomba, ndipo pa makha ake ndinaona tinyongolotsi tokhala ndi tingowe. Kuyambira pamenepo mtima wanga uli pomwepo. Ndikufuna kupitiriza maphunziro mpaka PhD, n'kumagwira ntchito yozindikira ndi kupatsa mayina nyongolotsi zafulati za m'nsomba. Anzanga akuti ndikutaya nthawi, eti masiku ano makina a DNA ndiwo akuchita zonse, komanso palibe amene amalemba ntchito munthu wotero. Kodi akunena zoona? Ngati njira ilipo, ndiyambire pati?

Yankho: Anzanuwo pena alasa, pena aphonya. Pa nkhani ya ntchito ali ndi mfundo, ndipo sindikubisirani: si kawirikawiri yunivesite kulengeza kuti ikufuna munthu woti azingozindikira ndi kutchula mayina a nyongolotsi, ndipo zili chonchi m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Koma pa za DNA ndiye asokonezeka. Maganizo ngati awowa ndi amene athawitsa achinyamata pa phunziroli, limene timalitcha taxonomy, moti m'magulu ena a nyongolotsi odziwa bwino atsala owerengeka, ambiri a iwo achikulire, pomwe nyongolotsi zosadziwika zikadali mbwee.

Choyamba dziwani kukula kwa chimene mukufuna kulowamo. Nyongolotsi zafulati za m'nsomba zili m'magulu akuluakulu atatu. Zimene munaona pa makha zija, pomwe nsomba imapumira, ziyenera kuti zinali za gulu la Monogenea. Izi sizidutsa mwa nyama ina iliyonse: dzira likaswa, kamwana kamasambira n'kukakakamira pa nsomba, basi. Zambiri sizikwana n'komwe milimita imodzi, ndipo kumapeto kwa thupi zili ndi chogwirira chotchedwa haptor, momwe muli ngowe zolimba, timipiringidzo ndi tingowe tina ting'onoting'ono m'mphepete. Gulu lachiwiri ndi Digenea, abale ake a nyongolotsi yoyambitsa likodzo. Izi zimayambira mu nkhono kapena abale a nkhono, ndipo nsomba ikhoza kukhala kwawo komaliza, kapena pongodikirira mpaka mbalame, nsomba yaikulu kapena munthu adye nsombayo. Lachitatu ndi Cestoda, zazitali zopyapyala zija, zopanda kamwa ngakhale matumbo, zimene zimakoleka mutu pakhoma la matumbo a nsomba n'kumayamwa chakudya kudzera pakhungu.

Palibe munthu amene amadziwa magulu atatu onsewa mozama. Mitundu ya nsomba yodziwika padziko lapansi imaposa 30,000, ndipo yambiri sinang'ambidwepo ndi munthu wofuna kuona zimene zimakhala m'thupi mwake. Kuwonjezera apo, ma Monogenea ambiri ndi osankha: mtundu umodzi wa nyongolotsi umakhala pa mtundu umodzi wa nsomba kapena pa abale ake apafupi, pomwe nsomba imodziyo ikhoza kusenza mitundu ingapo pa makha pokha. Genus (kagulu ka mitundu yapachibale) imodzi yokha, Dactylogyrus, ili ndi mitundu yolembedwa yoposa 900. Cichlidogyrus, imene Ilan Paperna anaitcha dzina mu 1960, tsopano ili ndi mitundu yoposa 100, ndipo ina ikutulukabe, makamaka pa nsomba za banja la Cichlidae za m'nyanja ya Tanganyika. Chofufuza ndiye simudzasowa. Chovuta chidzakhala kusankha kagawo kamodzi n'kulimba mtima kusiya zina zonse.

Ndipo ndi zamoyo zoti munthu sangatope nazo. Gyrodactylus siikira mazira ngati anzake. Imabereka mwana wamoyo, ndipo m'mimba mwa mwanayo mumakhala muli kale mdzukulu, moti pa maikulosikopu mumatha kuona ngowe za mayi ndi za mwana m'thupi limodzi. Diplozoon paradoxum nayo ili ndi zake: tiana tiwiri timakumana pa makha, n'kulumikizana matupi mopingasa, osadzalekananso mpaka imfa. Zonse ziwirizi anazifotokoza ndi Alexander von Nordmann mu 1832, pa maikulosikopu amene wophunzira wa chaka choyamba lero angawaseke.

Tsopano za DNA. Nkhani imene ndimakonda kuuza ophunzira ndi ya ku Norway. Mu 1957 Göran Malmberg anafotokoza kanyongolotsi kamene kanapezeka pa nsomba za salmon ku Sweden, n'kukatcha Gyrodactylus salaris. Salmon za kunyanja ya Baltic zimakapirira. Koma m'zaka za m'ma 1970 kanalowa ku Norway pamodzi ndi ana a nsomba ochokera kunja, kanadziwika koyamba mu 1975, ndipo m'mitsinje momwe kanafika ana a salmon anatha pafupifupi onse. Mitsinje pafupifupi 50 inakhudzidwa. Boma linafika pothira mankhwala a rotenone m'mitsinje yathunthu, kupha nsomba zonse kuti kanyongolotsiko kasowe pokhala, kenako n'kubwezeretsamo nsomba zimene anasunga padera. Chigamulo choopsa chotero chimadalira kuti wina anene motsimikiza kuti aka ndi salaris. Pomwe pali kena, Gyrodactylus thymalli, kokhala pa nsomba ya grayling, kamene sikasakaza salmon chonchi, koma kofanana nako kwambiri moti kusiyana kwake kuli pa kapindikidwe ka tingowe totalika mamaikulomita owerengeka. Anthu anati DNA ithetsa mkanganowu. Atawerenga chigawo cha ITS, chimene nthawi zambiri chimalekanitsa bwino mitundu ya Gyrodactylus, anapeza kuti n'chofanana pa tiwiri tonseti. Panafunika zigawo zina za DNA, miyeso ya ngowe, ndi kuyesa m'mathanki kuti kati kamachulukana pa nsomba iti, ndipo mpaka pano akatswiri ena amati ndi mtundu umodzi, ena amati ndi iwiri. Makina anapereka umboni, koma wogamula anakhalabe munthu.

Taganizirani mmene kuzindikira ndi DNA kumayendera. Makina amakupatsani mndandanda wa zilembo. Mumapita nawo ku GenBank, nkhokwe ya pa intaneti, kukaufananitsa ndi imene ena anaikamo. Dzina limene likukutulukiranilo linalembedwa ndi munthu amene anayang'ana nyongolotsi yake n'kunena kuti ndi yakuti. Ngati analakwitsa, aliyense wobwera pambuyo pake amatengera cholakwacho, ndipo zolakwa zotere zilimo ndithu. Komanso mitundu yambiri inafotokozedwa anthu asanayambe kuwerenga DNA, ndipo ilibe mndandanda uliwonse m'nkhokwemo. Yanu ikapanda kufanana ndi ina, musafulumire kuvina kuti mwapeza yatsopano. Mwina wina anaifotokoza kale m'Chijeremani zaka 100 zapitazo, ndipo njira yokha yodziwira ndi kuwerenga, kuyeza ndi kuyerekeza zojambula.

Sindikunyoza DNA ayi. Muiphunzire, ndipo muiphunzire bwino, chifukwa pali mafunso amene diso lokha silingayankhe. Ana a Diplostomum, ya gulu la Digenea, amene amakhala m'diso la nsomba n'kuichititsa ng'ala, kapena a ma Digenea ena aja amachititsa timadontho takuda pakhungu, sakhala ndi ziwalo zoberekera zokhwima, pomwe ziwalo zimenezo ndizo timadalira pozindikira mtundu. Kale wofufuza ankachita kudyetsa anawo mbalame m'labotale n'kudikira kuti aone chimene chikule. Lero amangofananitsa DNA ya mwana wa mu nkhono, wa m'nsomba ndi nyongolotsi yaikulu ya m'mbalame, ulendo wonse n'kuonekera. DNA yomweyo yaulula mitundu ingapo yobisala pansi pa dzina limodzi, ndipo yasuntha ina kuchoka m'gulu lina kupita lina. Nyongolotsi yaitali imene anthu amaitenga podya nsomba zosapsa, imene mabuku a zachipatala akhala akuitcha Diphyllobothrium latum, kuyambira 2017 ndi Dibothriocephalus latus. Magazini ambiri a phunziroli tsopano amafuna zonse ziwiri, zojambula ndi miyeso mbali iyi, zigawo monga 28S, ITS kapena cox1 mbali inayo. Odziwa makina okha alipo ambirimbiri. Wosowa ndi uja amadziwa makina ndi maikulosikopu yomwe, ndipo mwayi wanu uli pamenepo.

Chimene buku silingakupatseni mokwanira ndi manja. Taxonomy yabwino imayambira pa nsomba yatsopano, makamaka yamoyo, yophedwa nthawi yomweyo motsatira malamulo osamalira nyama. Nsomba ikangofa, nyongolotsi zake zimayamba kuwonongeka, ndipo kukatentha ndi nkhani ya maola ochepa: khungu limasupuka, timinga timathothoka, thupi limalendewera. Nsomba yoti inaumitsidwa mufiriji ingakuuzeni kuti nyongolotsi zinalimo zingati, koma musafotokozerepo mtundu watsopano wa Digenea. Zimene zimapirira ndi ngowe zolimba za ma Monogenea, n'chifukwa chake ofufuza amatha kuzipeza pa makha a nsomba zimene zakhala m'mabotolo a myuziyamu ya ku Tervuren, ku Belgium, kwa zaka zambirimbiri.

Ma Digenea ndi ma Cestoda timawapha ndi madzi amchere otentha kwambiri kapena formalin wotentha, kuti afe atawongoka, osakwinyika. Sitiwapanikiza ndi galasi, chifukwa kupanikiza kumasuntha ziwalo n'kusintha miyeso, ndipo mitundu ina yotchedwa yatsopano m'mabuku inabadwa chifukwa cha chala cholemera cha wofufuza. Ma Monogenea ang'onoang'ono ndiye timawapanikiza dala, mu glycerine ammonium picrate, njira ya Malmberg yemwe uja, kapena m'mankhwala a Hoyer, kuti ngowe zigone bwino ziyezeke. Picrate akauma amatha kuphulika, choncho botolo lake si loiwala pashelefu. Pa gulu lililonse la nyongolotsi mumapatulako zina n'kuziika mu ethanol wa 96 peresenti kuti zikhale za DNA, poti formalin amaiwononga. Chabwino koposa ndi kudula kachidutswa ka nyongolotsi imodzi kupita ku DNA, thupi lotsalalo n'kuliika pa silaidi, kuti aliyense adzathe kuona nyama yeniyeni imene mndandanda uja unachokera. Silaidi yotero timaitcha hologenophore, ndipo pepala limene lili nayo ndimalikhulupirira kuposa lopanda.

Kenako pali kudaya ndi carmine kapena haematoxylin, kuchotsa madzi pang'onopang'ono podutsitsa nyongolotsi mu ethanol wa mphamvu zokwerakwera, kuiyeretsa ndi mafuta a clove, n'kuimata mu Canada balsam. Silaidi yopangidwa bwino motere imakhala zaka zoposa 100. Ndiyeno kujambula. Ophunzira ambiri amafunsa kuti bwanji osangotola chithunzi ndi kamera. Kamera imagwira mlingo umodzi wa kuya, pomwe m'thupi la nyongolotsi muli timachubu todutsa pamwamba ndi pansi pa tinzake. Mukamajambula ndi dzanja, pogwiritsa ntchito drawing tube, kachipangizo ka pa maikulosikopu kothandiza kuona nyongolotsi ndi pepala nthawi imodzi, mumakakamizika kugamula kuti kachubu aka kakuthera apa kapena apo, ndipo pamene simukumvetsa pensulo imaima yokha. Simukufunika kukhala ndi mphatso yojambula. Mukufunika kusajambula chimene simunachione, ngakhale buku likunena kuti chiyenera kukhalapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito ino mwambiwu si wongophiphiritsa: mukasankha Digenea, mudzakhaladi pansi kudikira nkhono kuti zitulutse ana a nyongolotsi.

Nsombayonso muidziwe. Nyongolotsi yofotokozedwa bwino koma yolembedwa pa nsomba yolakwika imasocheretsa anthu kwa zaka. Jambulani nsomba iliyonse isanasinthe mtundu, dulani kachidutswa ka chipsepse kuika mu ethanol, sungani zina zathunthu, ndipo palanani ubwenzi ndi katswiri wa nsomba.

Mbali imene ambiri saiyembekezera ndi kuwerenga zakale. M'nthambi zina za sayansi pepala la zaka 20 ndi lachikale. Kuno la m'ma 1800 likadali ndi mphamvu zonse. Malamulo a mayina a nyama, International Code of Zoological Nomenclature, amawerengera kuyambira 1758, chaka chimene Linnaeus anatulutsa Systema Naturae kachikhumi, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti dzina loyamba kusindikizidwa moyenera ndilo limapambana. Ndiye musanatche chilichonse, muyenera kutsimikiza kuti palibe amene anakuyambirirani. Mudzagwira mabuku a Satyu Yamaguti wa ku Japan, makamaka Systema Helminthum ya pakati pa 1958 ndi 1963, buku la Boris Bychowsky la 1957 la ma Monogenea, ndi mavoliyumu atatu a Keys to the Trematoda a 2002, 2005 ndi 2008. Mudzafunika kutha kutola miyeso ndi mayina a ziwalo m'Chijeremani, Chifalansa ndi Chirasha, kulankhula sikofunika. Zakale zambiri zili zaulere pa Biodiversity Heritage Library, chinthu chimene aphunzitsi athu analibe.

Kusawerenga kuli ndi zotsatira zake. Mu 1934 Yamaguti anafotokoza nyongolotsi ya gulu la Cestoda ku Japan, n'kuitcha Bothriocephalus acheilognathi. Nyongolotsiyo inayenda ndi nsomba za carp zimene anthu ankatumiza m'mayiko ena kuti zikawetedwe, mpaka inafika m'makontinenti onse kupatula Antarctica, ndipo imapha ana a nsomba m'madamu. Kumene inkafika, ofufuza ena ankaiona ngati yachilendo n'kuipatsa dzina lina. Panapita zaka kuti anthu oleza mtima ayerekeze masilaidi n'kuona kuti mayina ambiriwo ndi a nyama imodzi, imene kuyambira 2015 ikutchedwa Schyzocotyle acheilognathi. Nthawi yonseyo, munthu wofuna kudziwa mmene mliri ukufalikira ankawerenga za mdani mmodzi ngati adani ambiri.

N'chifukwa chake maganizo anga ndi akuti musathamangire kulemba "sp. nov." pambali pa dzina, kutanthauza mtundu watsopano. Ndikudziwa kukoma kwake, dzina lanu kumamatira ku dzina la chamoyo mpaka kalekale. Koma kufotokoza mtundu watsopano ndi nyongolotsi imodzi kapena ziwiri zokwinyika ndi kusiyira ena ngongole. Kufotokozanso mtundu wakale umene unalembedwa mwachidule, ndi nyongolotsi zatsopano zochokera pa nsomba yomweyo ndi malo omwewo, pamodzi ndi DNA yake, nthawi zambiri kumathandiza sayansi kuposa mayina atsopano asanu. Ndipo mukatcha dzina, mumasankha silaidi imodzi kukhala holotype, mboni ya dzinalo, n'kuipereka pamodzi ndi zinzake ku malo kumene aliyense angaibwereke: Natural History Museum ku London, Smithsonian ku Washington, Harold W. Manter Laboratory ku Nebraska, Instituto Oswaldo Cruz ku Rio de Janeiro, kapena Meguro Parasitological Museum ku Tokyo, imene inayamba mu 1953 ndipo imasunga masilaidi ambiri a Yamaguti. M'kabati ya mu ofesi yanu ayi. Makabati amatayidwa mwiniwake akapuma pa ntchito. Kuyambira 2012 dzina likhoza kutuluka m'magazini ya pa intaneti yokha, bola pepalalo lilembetsedwe ku ZooBank, kaundula wa mayina a nyama wa pa intaneti. Zilolezo zogwirira nsomba ndi zotumizira zinthu kunja muzikhala nazo musanayambe, makamaka kuyambira 2014 pamene Nagoya Protocol, pangano la mayiko pa kagwiritsidwe ntchito ka zamoyo za m'dziko lina, inayamba kugwira ntchito.

Pa zisankho zonse, chachikulu ndi cha mphunzitsi. Phunziroli limachoka m'manja kupita m'manja. Miyezi itatu pambali pa munthu amene wathera moyo wake pa banja limodzi la nyongolotsi imaposa zaka ziwiri zovutika nokha ndi mabuku, chifukwa iye amangoti suntha pang'ono apa, chija ukuti ndi chotupa ndi thumba la mbewu. Choncho sankhani munthu, osati kutchuka kwa yunivesite. Tsegulani Systematic Parasitology, Folia Parasitologica, Journal of Parasitology ndi Zootaxa za zaka zisanu zapitazi, muone mayina amene akubwerezabwereza pa gulu limene mumakonda. Yang'anani zojambula zawo ngati zili zomveka. Yang'anani ngati ophunzira awo amakhala oyamba pa mndandanda wa olemba, ndi ngati manambala a masilaidi a kumyuziyamu alembedwa. Magulu odziwika akhala ali ku České Budějovice ndi ku Brno m'dziko la Czech Republic, ku University of Queensland ku Australia, ku North-West University ku South Africa, ku Hasselt ku Belgium, ku UNAM ku Mexico ndi kwina. Koma anthu amasamuka, ena amapuma, ndiye tsatirani mapepala atsopano, osati mbiri yakale. Ndipo funsani mwakachetechete amene anaphunzirapo kwa munthuyo, chifukwa katswiri wamkulu akhoza kukhala mphunzitsi wosapezeka. Ngati pa yunivesite yanu palibe wodziwa gulu lanu, n'zotheka kukhala ndi aphunzitsi awiri, wina pafupi, wina kutali, n'kupeza ndalama yokakhala kwa wakutaliyo miyezi ingapo.

Tsopano za m'thumba, poti chidwi sachidya. Njira yake ndi yodziwika: masitazi chaka chimodzi kapena ziwiri, PhD zaka 3 mpaka 5 malinga ndi dziko, kenako makontirakiti a kafukufuku otchedwa postdoc a zaka ziwiri kapena zitatu, nthawi zambiri kudziko lina, musanapeze malo okhazikika. Ngati muli ndi banja kapena anthu okudalirani, kambiranani nawo zimenezi poyamba. Chopweteka china ndi mmene mayunivesite amayezera anthu. Amawerenga kuti ndi angati atchula mapepala anu, pomwe dzina limene munapereka anthu angaligwiritse ntchito kambirimbiri osatchula pepala lanu n'kamodzi komwe. Ntchito ya zaka zitatu yokonzanso genus yosokonekera imaoneka yaing'ono pamaso pa komiti yokweza anthu pa ntchito. N'zosalungama, koma ndi mmene zilili, ndipo ndi bwino kulowa mukudziwa.

Amene amalimba pa ntchitoyi amaika taxonomy mkati mwa funso limene opereka ndalama akulimva. Ulimi wa nsomba ndiye khomo lalikulu. Nsomba zikathithikana m'makola, nyongolotsi zosafuna nyama yachiwiri zimachulukana mofulumira: Sparicotyle chrysophrii pa sea bream ku Mediterranean, Benedenia seriolae pa yellowtail ku Japan. Pali ma Cardicola amene amakhala mumtima ndi m'mitsempha ya tuna zowetedwa ku Australia ndi ku Japan. Khomo lina ndi umoyo wa anthu. Opisthorchis viverrini ku Thailand ndi Laos, ndi Clonorchis sinensis ku China, Korea ndi Vietnam, zimalowa mwa munthu kudzera m'nsomba zosaphika, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC linaziika pa gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ya m'njira za ndulu. Palinso nkhani ya nsomba zobwera zimene zimafika ndi nyongolotsi zake n'kupatsira za m'deralo, ndi mafunso a mmene nsomba ndi nyongolotsi zasinthira pamodzi. Nthawi zina taxonomy payokha imapeza ndalama zazikulu: National Science Foundation ya ku America inathandiza ntchito ya pakati pa 2008 ndi 2017, yotsogoleredwa ndi Janine Caira ndi Kirsten Jensen, yosonkhanitsa ndi kufotokoza ma Cestoda a padziko lonse. Koma mwayi wotere subwera chaka ndi chaka.

Ndiye pachitseko cha ofesi yanu padzalembedwa zina: mphunzitsi wa zoology kapena parasitology, woyang'anira zosungidwa kumyuziyamu, katswiri wa matenda a nsomba m'labotale ya boma kapena ya kampani, woyendera nsomba zamoyo zolowa m'dziko. Taxonomy mudzaichitira mkati mwa ntchito zimenezi, nthawi zina patchuthi ophunzira atapita. Pa chifukwa chimenechi, pa nthawi ya PhD musakane kuphunzitsa, phunzirani masamu a kafukufuku ndi pulogalamu ya pakompyuta ya R, ndi kapangidwe ka mitengo yosonyeza ubale wa zamoyo. Wodziwa nyongolotsi zokha amavutika pa intavyu. Wodziwa nyongolotsi, nsomba ndi manambala amakhala ndi polowera pangapo.

Mudziyesenso nokha. Maola ambiri mudzakhala chete, khosi lili chowerama, zovala zikununkha nsomba. Mudzang'amba nsomba makumimakumi osapeza chimene mukufuna, ndipo tsiku lomwe chapezeka n'kuphwanyika pansi pa galasi. Ngati chimene chimakusangalatsani ndi kukwera boti ndi kuponya ukonde, ecology, phunziro la mmene zamoyo zimakhalira m'malo awo, ikukuyenerani bwino. Ngati mungathe kuthera masana onse pa kangowe kamodzi, osazindikira kuti dzuwa lapendeka, ndiye mwafika.

Musanalembere pulofesa aliyense, chitani kantchito kamodzi chaka chino, ngakhale kakhale kafukufuku wanu womalizira digiri. Sankhani mtundu umodzi wa nsomba wosavuta kuupeza wamoyo, malo amodzi, ndi chiwalo chimodzi, mwachitsanzo makha omwe anakukopani aja. Nsomba 20 kapena 30 zikwana. Werengani nyongolotsi pa nsomba iliyonse, muone kuti ndi nsomba zingati zili nazo ndi kuti iliyonse yasenza zingati. Pangani masilaidi, jambulani ngowe, yezani, ndipo yesani kufika pa genus. Mukakaikira mtundu, lembani "sp." pambali pa dzina la genus n'kuima pomwepo, palibe katswiri amene angakusekeni, pomwe dzina longoganizira limachotsa chikhulupiriro. Ngati nsomba yanu ndi ya m'madzi opanda mchere a mu Africa, buku la 2018 lotchedwa A Guide to the Parasites of African Freshwater Fishes likupezeka ulere pa intaneti, ndipo lili ndi njira zogwirira ntchito ndi makiyi ozindikirira. Pa nsomba zam'nyanja zamchere, mayina muziwatsimikiza pa World Register of Marine Species.

Mukatero, kalata yanu ikhale yaifupi: ndinu ndani, munapima nsomba iti, zojambula ziwiri, miyeso, ndi funso limodzi losonyeza kuti mwawerenga pepala la munthuyo. Anthu a phunziro lino ndi ochepa, ndipo kalata yobwera ndi chojambula cha haptor amaitsegula msanga kuposa yongopempha malo. Mwina adzakupemphani kuti mutumize nyongolotsi zina, choncho sungani zochuluka mu ethanol pamalo ozizira. M'botolo lililonse ikanimo kapepala kolembedwa ndi pensulo: dzina la nsomba ndi nambala yake, malo, tsiku, chiwalo chimene munachotsapo nyongolotsi, ndi mankhwala amene munaikamo. Inki imasungunuka mu ethanol, ndipo pepala lomata kunja kwa botolo limamatuka mufiriji.